Nyimbo Zoyambira Kuphazi: Gasper Nali ndi Chrissy Zebby Tembo

Mu bandi, woimba ng'oma ndiye amakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo kawirikawiri dzina lake limathera komweko. Funsani anthu amene achezera kuvina ku dansi ya Black Missionaries kuti amatsogolera nyimbo ndani, onse anena Anjiru Fumulani asanaphethire n'komwe. Afunseni za amene wawavinitsa, amene phazi ndi manja ake sizinapume chiyambire dansiyo, ndi ochepa amene angatchule Paul Chokani. Sikuti anthuwo ndi osayamika. Ng'oma ikamaimbidwa bwino imalowa m'thupi osadzera m'maganizo, ndiye munthu amangovina osafunsa kuti wamugwedeza ndani.

N'chifukwa chake ine ndimatchera khutu kwambiri woimba ng'oma akayamba kupeka nyimbo zakezake n'kumaziimba yekha. Kunja zachitika kambirimbiri. Phil Collins wa gulu la Genesis anatulutsa chimbale cha Face Value mu 1981. Gulu la Nirvana litatha, Dave Grohl anajambula chimbale choyamba cha Foo Fighters, chimene chinatuluka mu 1995, akuimba yekha pafupifupi zida zonse. Tony Allen, amene ankaimbira ng'oma Fela Kuti ku Lagos, anatulutsa Jealousy mu 1975. Koma palibe chifukwa chopitira kutali chonchi, poti kuno ku Nkhata Bay tili naye Gasper Nali.

Ena anena kuti Gasper si wa ng'oma, ndi wa babatoni. Tamuyang'anitsitsani akamaimba. Babatoni wake ndi mtengo wautali pafupifupi mamita atatu, wolowa m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndipo chingwe chake n'chimodzi, waya wochotsa mu tayala la galimoto. Chingwecho sachikoka ndi chala monga ankachitira anyamata a bezi ya kwela masiku a Daniel ndi Donald Kachamba ku Chileka. Iye amachimenya ndi kamtengo. Dzanja linalo lagwira botolo la mowa lopanda kanthu, limene amalitsetsereza pa waya kuti mawu akwere kapena atsike. Pansi, phazi lili pa chopondera cha ng'oma ina yachikopa, yopanga pamanja. Ndiye pa ziwalo zitatu zimene zikugwira ntchito, ziwiri zikumenya. Ameneyu ndi woimba ng'oma ndithu, kungoti imodzi mwa ng'oma zake ili ndi chingwe.

Luso lake lonse lagona pa mmene wagawira ntchito ziwalozi. Phazi limagunda mosasinthasintha, ndipo silithamanga ngakhale nyimbo itafika pokoma. Kamtengo kamadula kugunda kwa phaziko m'zidutswa zing'onozing'ono, mwina kugwera pamodzi ndi phazi, mwina kulowa pakati. Waya uja akamenyedwa amatulutsa mawu awiri nthawi imodzi: kulira kwakuya kwa bezi kochokera m'chikopa, ndi kukhetekera kwa chitsulo pamwamba pake, kumene mu bandi kukanachokera ku timbale ta woimba ng'oma. Botolo ndiye lili ndi ntchito yovuta kuposa zonse. Pamtengopo palibe timizere tosonyeza kiyi ngati pa gitala, ndipo poti wayayo ndi wautali, kuchoka pa kiyi ina kufika pa inzake ndi ulendo wa mkono wonse. Khutu lokha ndilo limauza dzanja pofikira. Paulendowo botolo silichoka pa waya, ndiye mumamva mawu akutsetsereka, akufunafuna malo ake, kenako n'kukhazikika ndendende pamene phazi likutera. Kutsetsereka kumeneko ndimakukonda kwambiri, ndipo chida cha m'sitolo chokhala ndi timizere sichingakuchite.

Mkono sungayende mtunda wotere kambirimbiri pa kamphindi, choncho nyimbo zake zimazungulira pa makiyi ochepa, atatu kapena anayi, monga kwela imachitira. Apa ndi pamene ena amamupeputsira, amvekere nyimbo zake n'zofanana. Ine sindivomereza. Munthu amene miyendo ndi manja zatangwanika kale sangakoke liwu limodzi mpaka mpweya kutha, ngati woimba wa kwaya amene waima manja ali m'mbali. Ayenera kupeza mpata wa mawu pakati pa kumenya, ndi mpata wopumira pakati pa mawu. Ndiye ziganizo zake zimakhala zazifupi, zolunjika, zobwerezabwereza, ndipo liwu lililonse limagwa ngati nalonso likumenyedwa. Mu «A Bale Ndikuwuzeni», nyimbo imene kanema wake anafala pa intaneti mpaka kumudziwitsa kumayiko akutali, mawu ake amphamvu, okanda pang'ono pakhosi, amalowa patsogolo pa phazi pang'ono chabe, ngati akulikoka, kenako amalisiya kuti liwapeze. Anthu osamva Chichewa anavina nyimboyi chifukwa cha kukokana kumeneku.

Kaimbidwe kotere si kachilendo kunyanja kuno. Mayi akamasinja chinangwa cha kondowole, nyimbo yake imatsata munsi: mawu amatuluka munsi ukamakwera, ndipo ukatera mpweya umaphulika nawo limodzi. Womenya ndi woimba ndi munthu mmodzi, ndipo thupi ndilo limalamula kutalika kwa chiganizo. Pa malipenga, ng'oma yaikulu ndiyo imanyamula bwalo lonse. Anyamata a zikho ndi ovina onse amamvera iyo. Pa chilimika n'chimodzimodzi. Gasper anatenga ntchito imene pabwalo imagawidwa kwa anthu angapo n'kuisenza yekha. Ngakhale anzake a Madalitso Band a ku Lilongwe amagawana: Yobu Maligwa ali pa babatoni ndi kutsogolera nyimbo, Yosefe Kalekeni ali pa gitala ndi ng'oma ya kuphazi. Awiriwo akhoza kupumitsana. Gasper alibe womupumitsa, ndipo kulimbikira kumeneko kumamveka m'nyimbo.

Zimbale zake ziwiri, A Bale Ndikuwuzeni cha mu 2015 ndi Zoona Malawi cha mu 2018, zinatuluka kudzera ku Spare Dog Records, ndipo katswiri wa gitala wa ku Sweden, Mattias Stålnacke, ndi amene anagwira naye ntchito yojambula. Ndi ntchito yoyamikika, pakuti popanda iyo nyimbozi zikanangothera m'mphepo ya kugombe. Komabe ndili ndi kadandaulo. M'nyimbo zina za mu situdiyo anawonjezeramo gitala ndi mawu ovomereza. Pamene zowonjezerazo zikudikira kuti Gasper amalize chiganizo kenako n'kumuyankha, zimakoma kwabasi, chifukwa ndi mmene timaimbira kwathu kuno: wina atsogole, ena avomere. Koma pamene zikuyenda naye limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zimatseka mipata ija, ndipo kutsetsereka kwa botolo kumabisika. Nyimbo imakhala yosalala, yoyenera pa wailesi, koma khutu silimvanso kuti munthu mmodzi akulimbana ndi zinthu zinayi. Ine ndikafuna kumumva Gasper weniweni ndimasankha pamene ali yekha.

Funso la mmene mungamuthandizire woimba ng'oma osamuphimba linayankhidwa bwino kalekale ku Zambia, ndipo amene analiyankha ndi anyamata a nyimbo za rock. M'zaka za m'ma 1970 ku Lusaka ndi ku Copperbelt kunabuka magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family, oimba zimene lero zimatchedwa Zamrock. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zochuluka zedi zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo, ndipo izi zinawatsegulira khomo. Mtsogoleri wa Ngozi Family anali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, mwana wa ku Chibolya ku Lusaka, wodziwika ndi kuimba gitala ndi mano. Kumbuyo kwake, pa ng'oma, kunali Chrissy Zebby Tembo. Pakati pa zaka zimenezo Tembo anatulutsa chimbale chakechake, My Ancestors, iye akutsogolera nyimbo, ndipo Paul Ngozi, mwini gulu, anavomera kukhala wa gitala chabe.

Kusinthana malo kumeneku ndiko kunakometsa chimbalechi. Tembo alibe mawu aakulu ngati a Gasper. Ake ndi opyapyala, ofatsa, osadzikometsera, ndipo nthawi zina amatsala pang'ono kuphonya kiyi. Koma amaimba monga woimba ng'oma: kachiganizo kakafupi, kupuma, kachiganizo kena. Pa kupuma paliponse gitala ya Paul Ngozi imalowa, yosasa mawu, yokhadzuka, yolusa, ndipo Tembo akangotsegula pakamwa iyo imabwerera m'mbuyo n'kumangobwereza kamzere kake pansi. Mverani «Coffin Maker» kapena «Trouble Maker». Kulemera kwa gitala kumakumbutsa Black Sabbath ndi Jimi Hendrix, amene achinyamata a nthawiyo ankawamvera kwambiri, koma pansi pake ng'oma sizikuyenda ngati za Black Sabbath. Ndi zouma, zopepuka, zovinitsa, ndipo Tembo akafuna kukometsa amangogubuduza timitengo pang'ono n'kubwerera msanga. Chimbale ndi chake, akanatha kudzipatsa mphindi zisanu zoonetsa ukatswiri wa manja, koma sanatero. Amene amayembekezera kuti chimbale cha woimba ng'oma chidzaze ndi phokoso la ng'oma amadabwa. Ine ndikuona kuti ankadziwa kuti nyimbo ikuyenda chifukwa iye sakusuntha pamalo pake.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'chimbalechi ndi chisoni chake. Mitu ya nyimbo yokha ikukuuzani: wokhoma mabokosi a maliro, usiku wa munthu wosungulumwa, kutaya, kupita kosabwerera. «Gone Forever» imayenda pang'onopang'ono, ndipo mawu ofatsa aja, amene m'nyimbo zothamanga amaoneka ochepa mphamvu, apa ndi amene akufunika. Munthu wa mawu okongola akanaikometsera nyimboyi mpaka kuichotsa ululu. Tembo amangoinena, akuwerenga kugunda mumtima, ndipo chisoni chimatuluka chokha pakati pa mawu ake ouma ndi kulira kwa gitala.

Chilema chake chilipo. Tembo anaimba m'Chingerezi, ndipo m'malo ena mawu a nyimbo ndi osaya, ongodzaza mzere. Ngozi Family inkadziwa kuimba m'Chinyanja cha ku Lusaka, ndipo «Nizakupanga Ngozi» ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977 ndi umboni wa mmene chilankhulochi chimakhalira bwino pa gitala yolusa. Nyimboyi ndi imene Tyler, the Creator wa ku America anatapamo popanga «Noid» mu 2024. Ndikanakonda Tembo akanatipatsako ngakhale nyimbo ziwiri m'chilankhulo chimenechi, chifukwa mawu athu amathera pa zilembo zotseguka pakamwa, ndipo amagwa pa ng'oma mosavuta. Apa Gasper ali ndi mwayi umene Tembo anausiya: amaimba m'Chichewa, ndipo chiganizo chake chimavina chisanafike n'komwe pa waya.

Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa utagwa chuma cha Zambia chinalowa pansi, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Zimbalezi zinadzukanso patapita zaka zambiri, makampani akunja monga Now-Again Records ya ku Los Angeles atayamba kuzitsitsimutsa, ndipo lero My Ancestors imamvedwa ndi achinyamata a ku London ndi ku Tokyo kuposa a ku Mzuzu, ngakhale Chipata ili pafupi chonchi. Zimandiwawa kuti Gasper akuyenda njira yofananayo iye ali moyo. Wakaimba ku Ulaya anthu n'kumuombera m'manja, koma kuno ambiri timamuona ngati wosangalatsa alendo a m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja, wodabwitsa chifukwa cha chida chake chachitali, osati wopeka nyimbo woti tikhale pansi timumvetsere. Sitima ya Ilala ikakocheza padoko, m'tauni muno nyimbo zimalira paliponse, m'mabala, m'maokala ndi m'maminibasi a ku Mzuzu, ndipo zambiri mwa izo kugunda kwake n'kwa kompyuta, kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindidana nazo, zina ndimavina nazo. Koma kompyuta sipuma mpweya, ndiye woimba sakakamizika kufunafuna mpata, ndipo nyimbo zambiri zimadzaza mawu mpaka pakamwa.

Amene adzajambule chimbale chotsatira cha Gasper ndikanamupempha kuti ayambe wamvera «Coffin Maker» kangapo. Aike maikolofoni imodzi pa chikopa cha babatoni, ina pafupi ndi pamene kamtengo kakumenya waya, ina pa ng'oma ya kuphazi, ina pakamwa, ndipo ajambule zonse nthawi imodzi, osamuuza kuti aimbe zida payekha kenako mawu payekha, chifukwa mukangowalekanitsa kukokana kuja kwatha. Asamuike kachipangizo kowerengera biti m'khutu. Phazi lake ndi lokwanira. Ngati pakufunika gitala, ikhale imodzi, yolusa ngati ya Paul Ngozi, ndipo woimbayo auzidwe kuti azilowa pokhapokha Gasper akatseka pakamwa.