Wogwira fosholo ndi wogwira kamera pa mlatho wa Mosi-oa-Tunya

Sitima ya malasha sidziwa kubisa. Ikalemedwa imapuma mwamphamvu, ikadyetsedwa mopyola utsi umada bii, ikasamalidwa bwino mawu ake amamveka patali ali ndi dongosolo. N'chifukwa chake chithunzi chabwino cha sitima yotere chimakhala ndi eni ake awiri: wogwira kamera ndi wogwira fosholo.

Ku Livingstone m'dziko la Zambia, Royal Livingstone Express imanyamuka dzuwa litapendeka, ikukoka mabogi akale, n'kukaima pa mlatho wa pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mlathowu unatha kumangidwa mu 1905 ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi a Zambezi. Imodzi mwa injini zake ndi nambala 156, ya mu 1922, yomwe kale inkakoka mitengo ya mukusi pa njanji ya ku Mulobezi ya kampani ya Zambezi Sawmills, mpaka David Shepherd, katswiri wojambula nyama ndi sitima ndi utoto, anathandiza kuipulumutsa kuti isaphwanyidwe.

Alendo asanafike, wosonkheza moto amakhala atayamba kale ntchito. Injini yozizira siikakamizidwa. Moto umayatsidwa maola angapo ulendo usanayambe kuti chitsulo chifunde pang'onopang'ono, apo ayi chimang'aluka. Ulendo ukayamba, iye samangokhuthulira malasha m'ng'anjo. Amaponya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, fosholo iyi m'ngodya ya kumanja, inayo kumanzere, ina pansi pa chitseko, kuti moto uyale mofanana, pasakhale dzenje lolowera mphepo yozizira. Dzanja limangopotoka pang'ono malasha n'kukagwa pamene iye wafuna, pamalo poti ife tikasuzumira timangoona kuwala kothobwa m'maso. Diso lina lili pa galasi loonetsa madzi, chifukwa madzi akatsika n'kusiya denga la ng'anjo poyera ngozi yake ndi yoopsa. Khutu lili kwa woyendetsa. Chitunda chikamayandikira iye amakhala atachikonzekera kale, monga mayi amene amasonkheza nkhuni asanayambe kuvundula nsima, osati ili pakati.

Pamenepa ndi pamene ojambula ambiri amasochera. Iwo amafuna utsi wakuda, uli tolotolo kudzaza thambo, poti pachithunzi umachititsa kaso. Koma utsi wotero ndi malasha osapsa bwino amene akuthawira kumwamba, ndipo wosonkheza moto waluso amachita nawo manyazi. Wake umakhala wotuwa, wopepuka. Ine ndili kumbali yake. Wojambula amene ndimamulemekeza ndi amene waphunzira kudikira masekondi ochepa aja malasha atsopano akangogwa pamoto, utsi ukadera pang'ono usanayerenso, osati wopempha kuti amuwonongere malasha.

Luso lina la wojambula ndi la makutu. Injini ya masilinda awiri imapuma kanayi pamene gudumu lazungulira kamodzi, ndipo wozolowera amadina batani motsata mpumowo kuti agwire utsi ukungotuluka kumene. Amasankhanso liwiro la kamera mwadala. Akaika 1/500 zitsulo zolumikiza magudumu zimaoneka zitaima nji, ngati sitima yafa. Akatsitsa kufika pa 1/60 n'kumatsatira injini ndi kamera, magudumu amasungunuka pang'ono ndipo munthu woona chithunzi amamva kuti chinthuchi chikuyenda. Injini ndi yakuda, nthunzi ndi yoyera mbee, kamera payokha imasokonezeka. Wodziwa amaima poti dzuwa lamadzulo liwombe chammbali, mwakuti msomali uliwonse ndi paipi iliyonse ziwale payokha.

Wokwera sitima ali ndi vuto lakuti chimene akufuna kujambula ndi chimene chamunyamula. Mwayi wake ndi pokhota. Amakhala m'bogi ya kumbuyo, pawindo la mbali imene njanji ikukhotera, n'kupirira timakala touluka tolowa m'maso mpaka injini yonse ionekere kutsogolo. Pa mlatho anthu amatsika, ndipo kuyambira Malichi mpaka Meyi, Zambezi atadzaza, mphepo imatha kubweretsa mawawa a mathithi pagalasi la kamera, moti kansalu kouma sikachoka m'dzanja.

Chithunzi chovuta koposa chili m'kanyumba ka woyendetsa, ngati eni ake alola. Malo ndi ochepa, kutentha ndi kwadzaoneni, pansi pakunjenjemera. Chitseko cha ng'anjo chimatseguka kanthawi kochepa chabe, poti chikakhalitsa mphepo imaziziritsa moto, ndipo wosonkheza sangachisiye pululu chifukwa cha mlendo. Wojambula amayeza kuwala pa mkono wa munthuyo, osati pamoto, n'kukanikiza msana pachitsulo kuti asagwedezeke. Akaphonya amadikira fosholo yotsatira.