Luso la womasulira limaonekera pakhosi

Kuti udziwe ngati womasulira ndi katswiri, umutchere khutu nkhani ikafika pakhosi. Mtanthauziramawu amangoti swallow ndi kumeza, n'kuthera pomwepo. Koma takhalani pamphasa kugombe la Nkhotakota, kondowole ali apa, kampango wa ku Chia ali apo, muone ntchito za khosi. Mbamu ya kondowole sitimatafuna, timangoisunsa mu msuzi n'kumeza. Msodzi wotsika m'bwato dzuwa lili paliwombo amagugudiza thobwa. Mwana amabwira shuga mayi ake atatembenuka, pamene wadyera munga umamuima pakhosi.

Chitaliyana nacho chimasiyanitsa mawu motere. Dokotala amati deglutire. Mawu a tsiku ndi tsiku ndi inghiottire. Ingoiare ndi kumeza chinthu chathunthu, kapena chowawa, ndipo trangugiare ndi kudya mwaphuma ngati akukuthamangitsa. Mngerezi amadalira swallow ndi gulp. Mtaliyana akapirira zomunyansa amati ingoiare il rospo, kumeza chule. Ukamasulira liwu ndi liwu, agogo a ku Linga, ku Nkhotakota komweko, adzayesa ndi zamankhwala. Ifenso tikati wina akumeza malovu, tikunena za nkhuli, osati za ntchito ya khosi.

Yeso lenileni lili m'buku la Pinocchio, lomwe Carlo Collodi anatulutsa mu 1883. Chinsomba chikapeza Pinocchio, chidole chathabwa chooneka ngati mnyamata, panyanja, mlembi sakhutira ndi kumeza chabe: akufanizira ndi munthu womwa dzira laliwisi. Womasulira waulesi adzalemba kuti chinsomba chinamumeza. Sanalakwe, koma wangotibwezera nkhani ya Yona yomwe timamva kutchalitchi, nthabwala ya Collodi n'kutsalira m'madzi. Ine ndingalembe kuti chinamugugudiza.

Ndikudziwa kuti msodzi atsutsa. Iye amati nsomba imadya nyambo, imameza mbedza, koma sigugudiza, pakuti kugugudiza n'kwa zakumwa. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndasankha mawuwo. Collodi anasandutsa mnyamata kukhala chakumwa kuti tione kuchepa kwake pakamwa pa chilombocho, tiseke uku tikuchita mantha. Msodzi akangomeza chiganizocho osaima, ndiye kuti ndalephera. Akakwinya nkhope kaye, kenako n'kuphulika kuseka, Collodi wafika ku Nkhotakota.