Kodi Vidiyo Yanu Ikunena Ciani?

Masiku ano ophunzira ambiri a ku sekondale ndi ku makoleji akujambula mavidiyo a nyimbo ndi foni cabe, ndipo zimenezi n'zokondweretsa. Koma tinene mosabisa: mavidiyo ambiri otere amafanana monga ana amapasa. Nyimbo ikunena za mayi wogulitsa tomato pa msika kuti mwana wake aphunzire, koma m'cithunzi tikuona mnyamata wovala magalasi akuda atatsamira galimoto lobwereka, akuloza kamera kuyambira poyamba mpaka pothera. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zovala zilipo, kuvina kulipo, koma nkhani ya nyimbo yatayika.

Ena amati colakwa ndi kusowa kwa kamera yabwino. Ife tikuti iyai. Colakwa n'cakuti anathamangira kamera asanagwire pepala ndi pensulo. Taganizani: nyimbo ya mphindi 3 ili ndi masekondi 180. Ngati cithunzi ciliconse cikhala masekondi 3, mufunika zidutswa 60. Kodi mungazipeze mwa kungoyendayenda m'komboni Loweruka masana? Khalani pansi pamodzi, mverani nyimbo kangapo, ndipo pa mzere uliwonse lembani malo, munthu amene adzaoneka, ndiponso ngati kamera idzakhala pafupi kapena patali. Jambulani m'mawa kapena madzulo, pakuti dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso. Pojambula, lizani nyimbo yeniyeniyo mokweza kuti milomo ya woimba idzagwirizane ndi mau.

Nchito yaciwiri ndiyo kudula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. Mapulogramu monga CapCut ndi DaVinci Resolve amapezeka osalipira, tsono wophunzira amafuna kuika zokometsera zonse zimene wapezamo: zithunzi zozungulira, zong'anima, zosintha mitundu. Woonerera amangotopa maso.

Zaka zoposa 100 zapitazo, Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa kumene kuli mphamvu ya nchito imeneyi. Anatenga cithunzi cimodzi ca nkhope ya munthu n'kucilumikiza ndi mbale ya cakudya, kenaka ndi bokosi la maliro. Oonerera anaona njala pa nkhope yoyamba ndi cisoni pa yaciwiri, cikhalireco nkhope inali imodzimodzi. Phunziro lake ndi ili: tanthauzo limabadwa pamene zithunzi ziwiri zakumana. Mukaonetsa manja a mayi akuwerenga makobiri, kenaka mwana akulowa m'kalasi, mwanena zonse popanda cokometsera ciliconse. Dulaninso motsata ng'oma, monga wovina amaponda motsata ng'oma, ndipo cithunzi cokhudza mtima musacicotse msanga.

Amene afuna citsanzo aone vidiyo ya nyimbo ya "Final Form" ya Sampa the Great, ya m'caka ca 2019. Woimbayu anabadwira m'Zambia, anakulira ku Botswana, ndipo anachuka ali ku Australia. Nyimboyo imanena za kudziwa cimene iye ali ndi kumene anacokera, tsono anabwera kudzajambula vidiyoyo m'Zambia ndi ku Botswana, pakati pa anthu ndi ovina a kwao. Zoonadi anali ndi ndalama ndi akatswiri amene wophunzira alibe. Koma cimene cimagwira mtima sicigulidwa ndi ndalama: zimene maso akuona zikugwirizana ndi zimene khutu likumva.

Inu acinyamata, vidiyo yanu yoyamba idzaonedwa ndi anzanu, makolo ndi aphunzitsi, ndipo ikalowa pa intaneti n'kovuta kuibweza. Musataye mwai wanu poonetsa cuma cimene mulibe. Msika, njira ya ku sukulu ndi khonde la agogo zili ndi nkhani zimene palibe wina angazijambule kuposa inu. Musanatulutse vidiyoyo, zimitsani mau ndi kuonetsa mnzanu amene sanamvepo nyimboyo. Akalephera kukuuzani nkhani yake, bwererani ku pepala lija. Kuona maso a nkhono n'kudekha.