Ma prebiotic ndi autism: umboni ukadali wochepa

Ana ambiri omwe ali ndi autism amavutikanso ndi kudzimbidwa, kutsekula m'mimba kapena kupweteka kwa m'mimba. N'chifukwa chake ofufuza ena akhala akuyesa ma prebiotic, zakudya zomwe thupi siligaya koma zimadyetsa mabakiteriya othandiza a m'matumbo, poganiza kuti zingasinthenso khalidwe la mwana.

Kafukufuku yemwe amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Roberta Grimaldi ndi anzake a ku University of Reading, ku England, yemwe adasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya Microbiome. Adatsatira ana 30 kwa masabata 6. Ena adapatsidwa prebiotic yotchedwa B-GOS, ena ufa wongofanana nayo. Ofufuzawo adati ana omwe ankalandira B-GOS komanso ankapewa kale zakudya za tirigu ndi mkaka adayamba kucheza bwinoko ndi anthu.

Ntchitoyi idakonzedwa mosamala, poti makolo sankadziwa chomwe mwana wawo akulandira. Komabe ana 30 akagawidwa m'magulu anayi, gulu lililonse limatsala ndi ana ochepa kwambiri, moti mwana mmodzi kapena awiri akhoza kusintha zotsatira zonse. Khalidwe lidayezedwa ndi mafunso omwe makolo ankayankha, ndipo masabata 6 sangaonetse ngati kusinthako n'kokhalitsa.

Funso lalikulu ndi lakuti chimayamba n'chiyani. Mu 2021, Chloe Yap ndi anzake ku Australia adalemba m'magazini ya Cell za ana 247. Adapeza kuti ana a autism omwe amangofuna zakudya zochepa zomwezomwezo ndiwo amakhala ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya. Izi zikusonyeza kuti kadyedwe ndiko kamasintha matumbo, osati kuti matumbo ndiwo amayambitsa autism.

Kwa mlangizi wa zaumoyo, phunziro lake ndi lomveka. Kholo likafunsa za ufa wodula womwe laona pa intaneti, liuzidwe zoona: palibe umboni woti ma prebiotic amachiza autism. Kusiyitsa mwana mkaka kapena buledi popanda uphungu wa kuchipatala kungamuonjezere kunyentchera, makamaka ngati amasankha kale zakudya.

Vuto la m'mimba lokha ndiye lisanyalanyazidwe. Mwana wosayankhula sanganene kuti m'mimba mukupweteka. Amangolira, kukwiya kapena kulephera kugona. Afunseni makolo za chimbudzi cha mwana, mutumizeni kuchipatala ngati wadzimbidwa masiku ambiri, ndipo alimbikitseni kuonjezera pang'onopang'ono nyemba, ndiwo zamasamba, nthochi ndi phala la mgaiwa.