Zimangirizo Zitatu za ku Manyamula pa Nkhondo ya Chiwaya

Ophunzira a sukulu ina ya ku Manyamula, m'boma la Mzimba, anapatsidwa mutu uwu kuti alembepo chimangirizo m'Chichewa: chifukwa chimene dziko la Nyasaland linalowera m'nkhondo ya 1914, imene makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Zitatu mwa zimangirizozo ziyenera kuyesedwa mofatsa, pakuti mayankho ake asiyana kotheratu, ndipo mphunzitsi wofulumira akhoza kuchonga chimodzi nakana zinazo.

Mlembi woyamba anatsata buku la m'kalasi. Anayamba ndi kuphedwa kwa Franz Ferdinand ku Sarajevo pa 28 Juni 1914, nafotokoza mapangano a mafuko a ku Ulaya, natsiriza ndi kunena kuti Angerezi atalowa m'nkhondo pa 4 Ogasiti, Nyasaland analowanso pokhala pansi pa ulamuliro wawo. Masiku ndi maina zonse zili m'malo mwake. Koma m'chimangirizo chonsecho mulibe munthu wakuno ngakhale mmodzi, ndipo Chichewa chake ndi Chingerezi chovala nsalu yobwereka.

Wachiwiri anati nkhondoyo inali yoteteza kwawo. Umboni wake ndi wakuti Ajeremani anaoloka mtsinje wa Songwe nathira nkhondo pa Karonga pa 9 Sepitembala 1914. Ichi n'choona, ndipo anachilemba ndi mawu amoyo. Komatu anabisa mfundo yomutsutsa: pa nyanja anayamba kuombera ndi Angerezi, pamene sitima yawo ya Guendolen inalemaza sitima ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven m'mwezi wa Ogasiti.

Wachitatu anatembenuza funso, nati dziko silinalowe m'nkhondo, koma linalowetsedwa. Anakumbutsa kuti Angoni a ku Mzimba anavomera ulamuliro wa Angerezi mu 1904, zaka khumi zokha nkhondo isanabuke. Ndiponso kuti mu 1915 Inkosi Chimtunga Jere atakana kupereka anthu ake ku ntchito ya mtengatenga, Boma linamchotsa pa ufumu ndi kumpirikitsira kumwera, kumene anakhala kufikira 1920. Anatchulanso amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino amene anasenza katundu wa nkhondoyo, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Chilema chake ndi mkwiyo, umene unamnenetsa kuti panalibe wopita mwaufulu, chonsecho ena analembetsa usilikali okha pofuna malipiro ndi ulemu.

Tsono gwero la kusiyana kumeneku lili m'liwu limodzi, ndilo dziko. Kwa woyamba dziko ndi Boma la ku Zomba. Kwa wachiwiri ndi nthaka ndi malire ake. Kwa wachitatu ndi anthu. Palibe ananama, koma palibenso anazindikira kuti mnzake akuyankha funso lina. Chachitatu chiposa zinzake, osati chifukwa cha mbali imene chaima, koma popeza mlembi wake yekha ndiye anaima kaye nafunsa tanthauzo la mutuwo asanauyankhe.

Mphunzitsi wochonga zimangirizo zotere asafunefune yankho logwirizana ndi lake. Ayese umboni, ayese ngati mlembi wayankha mfundo yomutsutsa, ndipo asanabweze makope afunse kalasi lonse kuti polemba liwu lakuti dziko, aliyense amanena yani.