Mawu Akuti "Kuchotsa Chiberekero": Kalembedwe ndi Tanthauzo Lake

Mayi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akapezeka ndi vuto lalikulu la uchembere amatumizidwa kuchipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central mu mzinda wa Lilongwe. Kumeneko iye kapena womudikirira amapatsidwa chikalata choti asaine povomereza opaleshoni. Funso lathu ndi ili: kodi mawu amene mayiyo wamva ndi omwewo amene dokotala akutanthauza?

Tiyambe ndi kalembedwe. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 amati lembo la r lidze pambuyo pa e kapena i, ndipo l adze pambuyo pa a, o ndi u. Motero tilembe chiberekero, osati chibelekero kapena chibelekelo monga zionekera pa timapepala tina ta zaumoyo. Lamulo lomweli litipatsa opaleshoni, osati opareshoni. Komabe cholakwa chotere sichipha munthu.

Choopsa chili pa tanthauzo. Anthu ambiri, pofuna kulankhula mwaulemu, amagwiritsa ntchito mawu akuti m'mimba ponena chiwalo chilichonse cha pansi pa mchombo. Ulemu umenewu wasakaniza ntchito zitatu zosiyana. Kutseka ndiko kumanga kapena kudula njira zodzera mazira. Chiberekero chimatsala ndipo mayi amasambabe mwezi ndi mwezi. Kupala kapena kukolopa m'mimba ndiko kuchotsa zotsalira mayi akapita padera, ndipo iye angathe kudzaimanso. Kuchotsa chiberekero ndi ntchito ina: mayi sadzasambanso ndipo sadzatenganso pathupi mpaka kalekale. Womasulira amene anena kuti "akukonzani m'mimba" wanamiza wodwala ngakhale sanafune kutero. Woposa apo ndi amene afupikitsa nati "kuchotsa mimba", pakuti m'Chichewa mawu amenewa amanena kutaya pakati, nkhani imene ingathetse banja ikafika kumudzi.

Zifukwa za opaleshoniyi nazonso zimafuna mawu olunjika. Madokotala amachotsa chiberekero chikang'ambika chifukwa cha matenda a uchembere otenga nthawi yaitali mwana atakanirira, kapena magazi akakana kuleka mwana atabadwa. Amachichotsanso chikachita mafinya kwambiri, chikatsika, kapena chikakhala ndi zotupa zotayitsa magazi. Pa zotupazi ifenso olemba tili ndi mlandu. Zambiri mwa izo si khansa, koma mawu akuti chotupa timawagwiritsa ntchito ponseponse, kotero kuti mayi amabwerera kwawo akuganiza kuti masiku ake atha. Sichovuta kunena kuti chotupa chosakhala khansa.

Mawu akuti khomo la chiberekero tiwayamikire. Ndi Chichewa chenicheni, chomveka kwa agogo ndi kwa mwana wasukulu, ndipo chafala kwambiri kuyambira mu 2019 pamene boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Koma mawu abwinowa aonetsa poyera kuperewera kwa anzake. Nthawi zina, makamaka pa ngozi ya pobereka, dokotala amachotsa mbali ya kumtunda yokha nasiya khomo. Mayi woteroyo angathe kudwalabe khansa ya khomo la chiberekero, choncho ayenera kupitiriza kukayezetsa. Akangouzidwa kuti chiberekero chachotsedwa, adzapitiranji kukayezetsa chinthu chimene akudziwa kuti alibe?

Maganizo athu ndi akuti olemba ndi omasulira asiyanitse motere: kuchotsa chiberekero chonse, ndi kuchotsa chiberekero kusiya khomo. Ngati timatumba ta mazira tachotsedwanso, zimenezo zinenedwe pazokha, chifukwa mayi wachitsikana wochotsedwa timatumbati amayamba kumva kutentha m'thupi ngati mayi amene wasiya kusamba chifukwa cha ukalamba. Ena adzati mawuwa ndi ataliatali. Zoonadi ndi ataliatali, koma mayi wa ku Nathenje angawabwereze kwa mwamuna wake ndi kwa ankhoswe popanda womumasulira.