Mndandanda wa pa 7 de Abril ndi amayi amene sakwanamo

Pali nkhani imodzi imene imawerengedwa caka ndi caka pa 7 de Abril, kaya ndi pabwalo la ku sede, kaya ndi pasukulu, kaya ndi pa wailesi zathu za m'madera. Oilemba amasinthana, koma thupi lake ndi lomwelo. Imayamba ndi Josina Machel: anabadwa, anamenya nkhondo, anakwatiwa ndi Samora, anamwalira. Kenaka imakatola maina anayi kapena asanu a akazi ochuka a kumaiko ena, aliyense mizere iwiri. Imatsiriza ndi kuyamikira mayi wa kumudzi kuti ndi wopirira. Anthu aomba m'manja, ng'oma ziyamba, amayi a makapulana ofanana nkulowa m'bwalo.

Nkhani imeneyi iyenera kuweruzidwa monga momwe timaweruzira nyimbo kapena buku, cifukwa kwa atsikana ambiri a kuno kumalire ndiyo mbiri yokhayo ya akazi imene adzaimve m'cinenero cao. Bodza mulibemo. Vuto lake ndi sefa imene oilemba amagwiritsa nchito. Sefayo imagwira dzina, tsiku ndi cithunzi, koma nchito imene munthuyo anagwira imapyola nkugwera pansi. Ndipo mkazi amene alibe tsiku lolembedwa kapena cithunzi salowamo nkomwe, ngakhale atakhala kuti analamulira dziko.

Tiyambe ndi Josina yemweyo, amene amaoneka ngati ndiye wapindula kwambiri ndi mwambowu. Anabadwa Josina Muthemba pa 10 Agosto 1945 ku Vilanculos, mwana wa namwino, ndipo anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Abril 1971 ali ndi zaka 25. Masiku awiriwa mwana wasukulu aliyense amawadziwa. Zimene zili pakati ndi zimene sizimveka. Mu Março 1964, ali ndi zaka 18, anathawa ku Lourenço Marques pamodzi ndi anzake a sukulu kuti akafike ku Tanzania. Anawagwira ku Victoria Falls, nkuwabweza m'manja mwa apolisi a Apwitikizi, ndipo anakhala miyezi m'ndende. Atatuluka anayesanso, ulendo uno kudzera ku Swaziland, South Africa, Bechuanaland ndi Zambia, mpaka anafika mu 1965. Munthu amene wailawa ndende nkubwereranso panjira yomweyo, ameneyo ndiye amene mtsikana wa ku Tsangano kapena ku Chifunde akanayenera kumumva. Atafika anapatsidwa mwayi wokaphunzira ku Switzerland, iye nkuukana. Ukwati wake ndi Samora unacitika mu 1969, zonsezi zitapita kale, ndipo anakhala m'banjamo zaka zosakwana ziwiri. Koma nkhani ya pabwalo imaika ukwatiwo pakati penipeni, ngati kuti ndiwo unamukweza.

Nchito yake yeniyeni m'zaka zomaliza inali yosawala pacithunzi. Anatsogolera nthambi yoona za umoyo wa anthu m'madera omasulidwa: ana amasiye a nkhondo, malo owasungira, cakudya cao, sukulu zao. Anayenda pansi maulendo aatali ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, akudwala kale, kukaona ngati malo amenewo akuyenda. Pakapulana timamuona ndi yunifomu, nkhope yosalala, maso kutsogolo. Sitimuona akuwerenga ana ndi matumba a ufa.

Cinanso, dzina limodzi likakula kwambiri limaphimba ena, monga mtengo wa mkuyu umene pansi pake sipamera cimanga. Destacamento Feminino, gulu la akazi a nkhondo limene timalikumbukira kuti linayamba pa 4 Março 1967, silinayambidwe ndi Josina. Linayamba ndi atsikana a kumidzi, ambiri a ku Cabo Delgado, amene anali kale kusenza zida ndi kukopa anthu, nkuumirira kuti nawonso aphunzitsidwe mfuti ku Nachingwea. Marina Pachinuapa ndi Paulina Mateus anali m'gulu limenelo. Panali amuna m'cipani amene sankafuna kuona mkazi atagwira mfuti, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka kumsonkhano waukulu waciwiri wa ku Matchedje, ku Niassa, mu Julho 1968. Mkangano umenewu ndiwo mtima wa tsikuli, koma wowerenga pabwalo amaudumpha, mwina cifukwa amene akhala pamipando yakutsogolo ambiri ndi abambo. Palinso dzina limene silichulidwa nkomwe: Celina Simango, amene anatsogolera LIFEMO, bungwe la amayi limene linalipo OMM isanabadwe mu 1973. Ufulu utabwera anatengedwa kupita ku msasa wa ku Niassa ndipo sanabwerereko. Wina angathe kugwirizana kapena kutsutsana ndi mbali imene banja lake linaima, koma mbiri ya akazi a m'nkhondo ija yopanda iye ndi nsalu yong'ambidwa pakona.

Gawo laciwiri la nkhaniyi, la akazi a kunja, ndilo lofooka kuposa onse. Maina amacokera pa intaneti ndipo amafika atacapidwa kale. Florence Nightingale timamumva ngati mayi wacifundo woyenda ndi nyale usiku pakati pa asilikali ovulala ku nkhondo ya ku Crimea, kumene anapita mu 1854. Nyaleyo inalipo. Koma cimene cinasintha zipatala ndi cakuti anawerenga imfa, nkuonetsa ndi manambala kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda a uve kuposa ndi zipolopolo, kenaka nkuvutitsa akuluakulu a boma mpaka anakonza madzi, zimbudzi ndi mpweya m'zipatala za asilikali. Namwino wa pacipatala caching'ono ca kwathu kuno, amene amalemba m'kaundula amayi obereka ndi ana otsegula m'mimba, angadzione yekha mwa mkazi wowerenga uja. Mwa mkazi wa nyale sadzionamo, poti nyale aliyense ali nayo.

Njinga wa ku Angola ndiye amakondedwa koposa, ndipo nthano yake ndi imodzi nthawi zonse. Mu 1622 anapita ku Luanda kukakambirana ndi bwanamkubwa João Correia de Sousa m'malo mwa mlongo wake, amene anali mfumu ya Ndongo. Sanamupatse mpando, anamuyalira pansi. Iye anakodola wanchito wake wamkazi, wanchitoyo nkugwada ndi manja pansi, Njinga nkukhala pamsana pake kuti alankhule ndi Mpwitikizi maso ndi maso. Apa anthu amasekerera. Ine ndimadabwa kuti pa tsiku la amayi palibe amene amafunsa za mayi amene anasanduka mpandoyo. Njinga analamulira Ndongo ndi Matamba, anabatizidwa nkuchedwa Ana de Sousa pamene zinamukomera, anagwirizana ndi Adachi pamene analanda Luanda mu 1641, ndipo anamwalira ali wokalamba mu 1663 asanagonjetsedwe. Anagulitsanso anthu ogwidwa kunkhondo kwa amalonda a akapolo. Zonsezi ndi munthu mmodzi. Tikacotsapo mbali yowawayo timatsala ndi cidole, ndipo timakhala ngati tikunena kuti mkazi angalowe m'mbiri pokhapokha ngati alibe banga, muyeso umene sitinauikirepo Shaka kapena Ngungunhane.

Tsopano tifike pamene pakundiwawa kwenikweni. Nkhani yowerengedwa m'Cinyanja, pamaso pa Acewa, m'dziko limene Undi anamanga likulu lake la Mano, siichula Nyangu. Cifukwa cake si nkhanza ya wolemba. Ndi sefa ija. Nyangu alibe tsiku lobadwa, alibe cithunzi, ndipo si munthu mmodzi: ndi mpando umene akazi ambiri a mfunda wa Phiri akhalapo motsatizana. Kalonga sankalowa ufumu cifukwa ca bambo ake. Ankalowa cifukwa anabadwa m'mimba ya Nyangu. Akuluakulu amasimba kuti Undi atakangana ndi abale ake pa za ufumu nkucoka kulowera kuno kumadzulo, anatenga Nyangu ndi akazi a mbumba yacifumu, ndipo kuyambira pamenepo otsala aja ankayang'ana kwa Undi akafuna wolowa ufumu. Taganizani: sanatenge mikondo yonse kapena nkhokwe zonse, anatenga amayi, ufumu nkumutsatira. Likulu la Undi linasamukira ku Zambia m'zaka za m'ma 1930, ndipo amene amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Agosto, amaona okha kuti mpando wa Nyangu ulipo mpaka lero.

Apa pali msampha wa cinenero umene ife a pa wailesi timakumana nao kawirikawiri. Pepala limabwera m'Cipwitikizi lili ndi liu lakuti rainha, womasulira nkunena kuti mkazi wa mfumu. Kwa Nyangu kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Nyangu ndi mayi kapena mlongo wa mfumu. Mkazi wa Kalonga anali ndi mpando wake wina, wa Mwali, wocokera kwa a Banda. Makolo athu anasiyanitsa mipando iwiriyi mosamala, ife nkuiphwanya ndi liu limodzi lobwereka. Ngakhale lero, kucokera pamene boma linazindikira mafumu ndi lamulo la mu 2000, mayi wolamulira mudzi amalembedwa kuti rainha, ndipo ana ena amaganiza kuti wavala yunifomu ya malemu amuna ake, pamene iye analowa dzina la amalume ake mwa njira yake.

Makewana nayenso sakwana m'sefa. Dzinalo litanthauza mayi wa ana, ndipo nalonso linali mpando. Ankakhala ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama amene lero ndi malire a Moçambique ndi Malawi, nthawi imene malirewo kunalibe. Sankakwatiwa. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti mvula ingadukenso. Anali ndi omutumikira ake aakazi ochedwa Matsano, anali ndi Kamundi wa mfunda wa Mbewe, ndi ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Mafumu okhala ndi mikondo ankatumiza mphatso kwa mkazi wopanda mkondo, cifukwa mvula ndi cinamwali zinali m'manja mwake, ndipo mfumu yopanda mvula anthu amaithawa. Kaya munthu lero amapemphera kuchalichi kapena kumzikiti nkumaona za Msinja ngati zacikale, mfundo ya mbiri siisintha: kunali mphamvu ziwiri m'dziko la Amaravi, ndipo imodzi inali ya mkazi. Mtsikana amene akuuzidwa kuti utsogoleri wa amayi unabwera ndi cipani kapena ndi mabungwe a kunja akunamizidwa mosadziwa.

Wina anganene kuti zimenezi ndi zongosimbidwa pakamwa, pamene pabwalo pamafunika mbiri ya m'mapepala. Cabwino, nayu wa m'mapepala. Ku Tete, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kunali Dona Francisca Josefa de Moura Meneses, mwini minda yaikulu ya prazo, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Chiponda. Liu limeneli safuna womasulira kuno: ndi uja amaponda. Pamene Francisco de Lacerda e Almeida ananyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, kudutsa m'dziko la Amaravi, anadalira anthu a mayi ameneyu kuti amusenzere katundu, ndipo ambiri mwa osenzawo anali akazi. Bwanamkubwa wa mfumu ya ku Portugal sakanayenda popanda thandizo la Chiponda. Kodi ameneyu ndi mkazi wochuka wa m'mbiri? Inde, kuposa ambiri a pamndandanda uja. Kodi ndi wotamandika? Cuma cake cinali akapolo, ndipo ena mwa iwo ayenera kuti anali a mitundu yathu yomwe ino. Nkhani ya pabwalo siidziwa cocita ndi munthu wotere, cifukwa inazolowera kuti kuchula dzina ndi kuliombera m'manja. Conco imamusiya, pamodzi ndi akazi aja anasenza mitolo kucoka ku Tete kulowera kumpoto, amene maina ao sanalembedwe ndi aliyense.

Mapeto a nkhaniyi, aja oyamikira mayi wa kumudzi, ndi amene amandikhumudwitsa koposa, ngakhale ndi amene amalandira nthungululu zambiri. Liu lake ndi limodzi: kupirira. Amapirira mtolo wa nkhuni, amapirira mwamuna woledzera, amapirira ulendo wa kucipatala. Mayi yemweyo, ufumu ukagwa m'mudzi mwao, amakhala m'nyumba ndi anzake aakulu a mbumba nkusankha amene adzalowe dzina, ndipo amuna panja amadikira. Anamkungwi amalanga mfumu yatsopano isanaonekere kwa anthu. Munda umene banja limadya, m'midzi yambiri ya cikamwini, ndi wa kwao kwa mkazi. Pamene lamulo la mu 2019 linaletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, amene angalipatse mano kapena kulipha m'mudzi ndi amayi omwewa, poti ndiwo amadziwa tsiku limene mtsikana watha msinkhu ndiponso amene wabwera kudzafunsira. Kuwauza anthu otere kuti ulemu wao ndi kupirira ndi kuwacotsa pampando mwaulemu.

Ndipo m'maboma a Chifunde ndi Marávia, kumene nkhondo inayambiranso mu 1968, mukadali agogo ocepa amene ali atsikana anasenza mabokosi a zipolopolo pamutu kucokera kumalire a Zambia, kuyenda usiku, kubisala m'chire masana. Pa 7 de Abril amakhala pamphasa kumbuyo kwa ana a sukulu. Amamva za Crimea ndi za Luanda kucokera pa cimkuzamau, ndipo ikafika nthawi yao amaitanidwa kuti adzavine.